'Atsika okha akakula' wapweteketsa ana athu aamuna

Alipo mawu ena m'Chichewa chathuchi amene timangowamva anthu akayambana pa bawo, m'minibasi kapena kumowa. Ukawatchula pagulu amayi amabisa nkhope m'chitenje, ndipo akuluakulu amakuyang'ana ngati wayamba misala. Lero ndiwatchula ndithu patsamba lino, ndipo inu amene mukuwerenga mokweza apongozi ali pomwepo mundikhululukire. Mawuwo ndi machende. Aulemu amati mavalo, ena amangoti "kumusi". Likakhala limodzi timati tchende.

Sindikuwatchula mwachipongwe ayi. Nkhani ndi yakuti m'dziko muno muli ana aamuna ambirimbiri amene amabadwa tchende limodzi, mwinanso onse awiri, lisanatsikire m'thumba mwake. Vutoli limakonzedwa ndi opaleshoni ya pafupifupi ola limodzi, yomwe madotolo amafuna kuti ichitike mwana ali pakati pa miyezi 6 ndi miyezi 18. Koma ambiri amafika kuchipatala mochedwa zedi, ena ali sitandade 3, ena sitandade 7, ena oti adamera kale ndevu. Chowachedwetsa ndi manyazi athuwa, kuphatikizapo kamwambi kaja kamene tidangokapeka tokha, kakuti "asiyeni, atsika okha akakula."

Ulendo wochokera ku impso

Ambirife timayesa kuti machende amamera m'thumba momwemo ngati mbatata mu mzere. Sichoncho. Mwana akadali m'mimba mwa mayi ake, machende ake amapangika m'kati mwa kamimba kake, chakumsana, pafupi ndi impso. Miyezi ikamapita amasendera chakumusi, ndipo cha m'mwezi wa 7 wa pakati amalowa m'kanjira kopanikiza ka m'mphechepeche, paja pamakumana ntchafu ndi mimba, n'kukagwera m'thumba mwana atatsala pang'ono kubadwa. Dotolo wina wa ku Scotland, John Hunter, ndiye adalongosola bwino za ulendowu m'chaka cha 1762.

Tsono monga ulendo wina uliwonse, pena tchende limaima panjira. Kawirikawiri limaima m'mphechepeche momwemo, moti munthu wodziwa akhoza kulikhudza ndi zala. Mwa ana 5 aliwonse a vutoli, m'modzi ndiye amakhala woti tchende lake silikhudzika konse, mwina chifukwa lidatsalira m'mimba, mwina chifukwa lidafota mwana asanabadwe.

Wina afunsa kuti, nanga likakhala m'katimo chalakwika n'chiyani, si lili m'thupi momwemo? Chalakwika ndi kutentha. M'kati mwa thupi la munthu mumatentha madigiri 37, pamene mbewu ya abambo imapangika bwino pamalo pozizirirapo ndi madigiri awiri kapena atatu. N'chifukwa chake thumbalo lili panja, ndipo mwamuna aliyense akudziwa momwe limakhwinyatira mu June ndi momwe limalendewerera mu October. Limakhala likusunga mbewu pa mlingo wake. Njovu ndiyo imasunga machende ake m'mimba moyo wake wonse osavutika kanthu, komatu mwana wa munthu si njovu.

Oweta ziweto nkhaniyi amaidziwa kale. Pofula tiana ta nkhumba kapena atonde, pena umapeza kuti limodzi lokha ndilo likugwirika, linalo labisala. Chodabwitsa n'chakuti mbuzi timaigwira n'kuiona bwinobwino, koma mwana wobereka tokha timachita naye manyazi.

Miyezi 6 ndiye malire

Mabuku a zachipatala amati mwa ana aamuna 100 obadwa masiku atakwana, pafupifupi atatu amabadwa ndi vutoli. Kwa obadwa masiku asanakwane chiwerengerochi chimakwera mpaka kufika 30 mwa 100, chifukwa amabadwa ulendo uja usanathe. Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza kwambiri a Malawife. Lipoti limene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi mabungwe anzake adatulutsa mu 2012 lidaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane, ana 18 mwa 100 aliwonse.

Mwayi wake ngwakuti ambiri mwa machendewa amatsikadi okha m'miyezi itatu yoyambirira, ena mpaka miyezi 6. Apa mpamene padachokera mawu aja a agogo, ndiye si kuti adanamiratu. Koma miyezi 6 ikadutsa, limene silidatsike nkovuta zedi kuti lidzatsike lokha, ngakhale mwanayo atanenepa bwanji. Otsalira otere amakhala pafupifupi m'modzi mwa ana aamuna 100. Tiyeni tiwerengere limodzi. M'dziko muno mumabadwa ana oposa theka la miliyoni pachaka, ndipo theka la iwo ndi aamuna. Ndiye kuti chaka chilichonse tikuonjezera ana osachepera 2,500 ofunika opaleshoni imeneyi. Awa ndi masamu anga, koma wotsutsa atenge pensulo awerengere yekha.

Kunena chilungamo, nawonso madotolo akale ankadikira. Opaleshoni yoyamba ya mtunduwu yomwe idatheka bwino adachita ndi Thomas Annandale mumzinda wa Edinburgh m'chaka cha 1877, pa mwana wa zaka zitatu. Komabe mpaka m'zaka za m'ma 1950 madotolo ambiri ankati mwana ayambe wafika zaka 10 kapena kuposerapo. M'ma 1970 adatsitsa kufika pa zaka 5 kapena 6, ndipo m'ma 1980 adafika pa zaka ziwiri. Ankatsitsa chonchi chifukwa akaunika pa makina timinofu ta machende osatsika, ankapeza kuti kuonongeka kumayamba mwana asanathe n'chaka chachiwiri chomwe. Malangizo amene madotolo a ku America adatulutsa mu 2014, ndi a anzawo a ku Ulaya, akugwirizana pamenepa: mwana aonedwe ndi dotolo wa opaleshoni akakwana miyezi 6, ndipo opaleshoni ichitike asanapitirire miyezi 18. Kuongola mtengo mpoyamba. Tsono wachipatala wina akakuuzani kuti "mudzabwere naye akadzayamba sukulu", dziwani kuti akukuwerengerani buku la makedzana.

Chimene timataya podikira

Choyamba ndi kubereka. Timbewu timene tidzasanduke umuna mwana akadzatha msinkhu timakhalamo kale m'tchende kuyambira ali khanda, ndipo kutentha kwa m'thupi kumatipha pang'onopang'ono. Ofufuza a ku Pittsburgh m'dziko la America adatsatira amuna amene adachitidwa opaleshoniyi ali ana. Mwa amene ankafuna ana, omwe vuto lawo lidali mbali imodzi adabereka pafupifupi 9 mwa 10, osasiyana kwenikweni ndi amuna ena onse. Koma omwe vuto lidali mbali zonse ziwiri, adabereka ndi awiri okha mwa atatu.

Pano ndiyankhule ndi amuna anzanga. Mwamuna wa machende osatsika nthawi zambiri amakula bwinobwino, mawu amasintha, ndevu zimamera, ndipo ntchito ya m'nyumba amaigwira monga wina aliyense. Palibe amene angamunene kuti adagwa m'papaya. Chosowa ndi mbewu basi. Tsono banja likatha zaka zitatu lopanda mphatso, chala chimaloza yani? Mkazi. Ndiye amamwetsedwa mizu yowawa, ndiye amatchedwa chumba, ndiye amabwezedwa kwawo. Kwina akuluakulu amapangana usiku n'kulowetsa fisi m'nyumba, m'masiku ano a Edzi. Zonsezi pa vuto loti madotolo akadalithamangira mwamunayo akukwawa.

Chachiwiri ndi khansa. Khansa ya machende si yofala pakati pa ife anthu akuda poyerekeza ndi azungu, ndipo sindikufuna kuopseza munthu. Koma tchende losatsika limakhala pachiopsezo chokulirapo. Ku Sweden adatsatira amuna pafupifupi 17,000 amene adachitidwa opaleshoniyi, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2007. Amene adachitidwa asanakwane zaka 13 chiopsezo chawo chidali chowirikiza kawiri poyerekeza ndi amuna ena, pamene kwa amene adachedwa chidawirikiza kasanu. Chinanso, tchende likakhala m'thumba mwini wake amatha kulikhudza n'kuzindikira msanga likayamba chotupa. La m'mimba limatupa mwakachetechete, mwini n'kudzadziwa zinthu zitafika patali.

Chachitatu ndi kupotoka. Tchende limalendewera pa chingwe momwe mumadutsa mitsempha ya magazi, ndipo losatsika limapotoka msanga kusiyana ndi lotsika. Chingwecho chikapotoka magazi amasiya kuyenda, ndipo pakatha maola 6 tchende limayamba kufa. Chachinayi, kanjira kaja limadutsamo kamatsala kosatseka mwa ambiri a anawa, moti matumbo amatha kulowamo n'kuyambitsa haniya, yomwe ikatsikira m'thumba ife timati phudzi. Komanso tchende la m'mphechepeche limakhala litatsamira fupa, ndiye mpira kapena mtanda wa njinga ukagunda pamenepo lilibe kothawira. Ndipo tisaiwale mwana amene amakana kukasamba kudambo ndi anzake chifukwa adamupatsa kale dzina.

Kaonedwe kake

Si kuti a Malawife sitisamala za kumusi kwa mwana. Khanda likabadwa, agogo ndi azakhali sagona tulo kulondera mchombo kuti pothothoka usagwere pa maliseche, ati mwana angadzakhale gojo. Kunena zoona mchombo ulibe mphamvu imeneyo. Koma chidwi chomwecho tikadangochisendezera zala zinayi chakumusi, bwenzi tikupulumutsa ana ambiri.

Nthawi yabwino yoonera ndi pomusambitsa madzi ofunda, mwana ali phee, manja anunso ali ofunda. Thumba lioneke lodzaza mbali zonse ziwiri, ndipo mukagwira mofatsa ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala mumve tinthu tiwiri tonga nzama, kena uku kena uku. Ngati mbali imodzi ili yophwa ndi yaing'ono, ndipo mwayesa masiku angapo osapeza kanthu, kaneneni kusikelo ndipo muumirire kuti amuvule amuone.

Alipo ana ena amene machende awo amathawira m'mwamba kukazizira kapena mwana akachita mantha, koma amabwerera okha, ndipo dotolo akawakokera m'thumba amakhala momwemo. Amenewa safuna mpeni. Amangofunika kuonedwa kamodzi pachaka, chifukwa kwa ena mwana akamatalika tchende limakwera n'kukhaliratu m'mwamba. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya achipatala, si ya pakhonde ayi.

Pali zinthu ziwiri zosafunika kugona nazo. Khanda likabadwa machende onse awiri osagwirika, makamaka ngati kabowo kokodzera sikali kunsonga, lionedwe ndi dotolo lisanatuluke m'chipatala. Pena mwana wotere amakhala ndi vuto la tiziwalo tina ta pamwamba pa impso, lomwe limatha kumutayitsa mchere wa m'thupi n'kumupha m'masabata oyambirira. Chachiwiri, mwana wa tchende losatsika akayamba kulira mosatonthozeka, kusanza, m'mphechepeche mutatupa ndi kufiira, nyamukani usiku womwewo. Kudikira kuti kuche ndiye kutaya tchende.

Ndamvapo ena akuti vutoli ndi tsempho, kuti makolo sadasunge mwambo, ena akuti pali adalowapo ndi dzanja. Zimene zimadziwika kuti zimaonjezera vutoli ndi kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wosakwana makilogalamu awiri ndi theka, kumtundu ngati bambo kapena mkulu wake adali nalo, ndiponso mayi kusuta fodya ali ndi pakati. Kwa ana ambiri palibe chimene mayi kapena bambo adalakwa. Kusisita, kukoka, kutemera mphini kapena kumwetsa zitsamba sikuthandiza, chifukwa chimene chaligwira tchendelo ndi chingwe chachifupi ndi timinofu tomata. Ngakhale jakisoni wa kuchipatala wa mahomoni adayesedwa, koma amathandiza pafupifupi mwana m'modzi mwa 5, ndipo kwa ena limakweranso, moti madotolo ambiri adamusiya. Musatayenso ndalama kukajambulitsa sikani musanaonane ndi dotolo wa opaleshoni. Pa vuto ili zala za dotolo wodziwa zimanena zoona kuposa sikani.

Mantha a agogo

Kwathu kuno mwana si wa mayi ndi bambo okha, ndipo nkhani ya mpeni imafika ndithu kwa mwini mbumba. Inenso idandifikapo. Mlongo wanga wamng'ono adandipeza tsiku lina madzulo, n'kuyamba wazungulirazungulira ndi nkhani za kumunda, kenaka akuyang'ana pansi adati, "Achimwene, mphwanu uja ali nalo limodzi lokha." Mwanayo adali ndi miyezi 10. Mayi ake adaliona vutoli ali ndi miyezi inayi, ndipo atafunsa pa chipatala china chaching'ono adauzidwa kuti adzabwere naye akadzafika zaka 5. Wonenayo sadamuvule mwana n'thewera lomwe.

Nditanena kuti tipite kuchipatala chachikulu, mayi athu adakana kwamtuwagalu. "Inu, mwana woyamwa ameneyu mukamugoneke pa mpeni? Akakam'fula kumeneko mudzati chiyani? Nanga akapanda kudzuka?" Ndidawayankha kuti, "Amayi, kumusiya chonchi ndiye kum'fula kwenikweniko. Tiyeni limodzi mukafunse nokha kwa adotolo." Adapita, ngakhale monyinyirika. Dotolo adawakhazika pansi, adatenga chala chawo n'kuchigwiritsa pamene tchende lidaima, n'kuwaonetsa pamene liyenera kukhala. Tsiku la opaleshoni agogo omwewo ndiwo adabereka mwana mpaka pakhomo la fiyeta. Adalowa m'mawa, pofika masana adali pa bere, mawa lake tidali pa basi. Lero ndi mnyamata wa ku sekondale, ndipo kachipsera kake kadabisala mu mkwinya wa khungu.

Mafunso a mayi athuwo sadali opusa. Kugonetsa khanda tulo ta mankhwala ndi ntchito yofuna akatswiri, ndipo n'chifukwa chake madotolo sathamangira opaleshoniyi mwana asanakwane miyezi 6. Chimene chidathandiza n'chakuti mwini manthayo adakamva yekha. Kawirikawiri mayi wa mwana ndiye amamva malangizo kusikelo, koma amene ali ndi mawu omaliza, kaya ndi bambo, malume kapena agogo, amakhala ali kunyumba. Atengeni amenewo apite nawo.

Zimene zimachitika m'fiyeta

Opaleshoniyi madotolo amaitcha orchidopexy. Asanalowe, mwana amamusalitsa. Kawirikawiri phala ndi chakudya china amasiya kutatsala maola 6, bere kutatsala maola 4, koma tsatirani zimene anamwino akuuzani. Musamubere kaphala pomumvera chisoni, chifukwa akasanza ali m'tulo masanziwo amalowa m'mapapo.

Mwana akagona, dotolo amacheka pang'ono m'mphechepeche, masentimita awiri kapena atatu. Amalipeza tchende, amamasula chingwe chake ku timinofu tonse timene tachigwira kuti chitalike, ndipo amamanga kanjira kaja koyambitsa haniya. Kenaka amachekanso pang'ono pathumba, amakonza kamalo kunsi kwa khungu, n'kulikhazika tchendelo momwemo kuti lisathawenso. Kwa machende ogwirika m'mphechepeche, opaleshoni imatheka bwino mwa ana oposa 9 mwa 10. Ana ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Kwa tchende losagwirika ntchito imakulirapo. Kumene kuli zipangizo, dotolo amalowetsa kakamera pa mchombo kuti alifunefune m'mimba. Likapezeka lili m'mwamba kwambiri, pena amalitsitsa kawiri, opaleshoni yachiwiri ikuchitika patatha miyezi 6, potsatira nzeru imene madotolo awiri a ku Australia, Fowler ndi Stephens, adayambitsa mu 1959. Likapezeka kuti lidafota, amachotsa kotsalako. Apa makolo asataye mtima, chifukwa tchende limodzi labwino limakwanira kuti munthu akule ngati mwamuna ndi kubereka.

Monga opaleshoni ina iliyonse, mavuto sangalephere. Bala likhoza kuchita mafinya, tchende likhoza kukweranso, ndipo mwa ochepa limafota pambuyo pake. N'chifukwa chake tsiku lobwerera kukaonedwa si lojomba, ngakhale mwana akuoneka kuti ali bwino. Kunyumba chofunika ndi mankhwala opha ululu amene akupatsani, thewera louma, ndi kupewa zomukhalitsa motangadza monga pa njinga kwa masabata angapo. Popeza ife ana timabereka kumbuyo, funsani anamwino momwe mungamunyamulire masiku oyambirira.

Njira yake ndi iti?

Poyambira ndi kusikelo kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanuko. Iwo amakutumizani kuchipatala cha boma cha pa boma lanu, ndipo ngati kumeneko kulibe odziwa kugonetsa ana aang'ono, amakulemberani kalata yopita ku chimodzi mwa zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Mu July 2017 ku Queen Elizabeth kudatsegulidwa Mercy James Centre, chipatala choyamba m'dziko muno choona za opaleshoni ya ana okhaokha, chomwe chidamangidwa ndi bungwe la Raising Malawi la woimba uja Madonna, mogwirizana ndi madotolo monga Pulofesa Eric Borgstein amene wachita ana opaleshoni ku Blantyre kwa zaka zambiri.

M'zipatala za boma opaleshoniyi salipiritsa. Chimene chimadya ndalama ndi thiransipoti ndi chakudya cha wodikirira. Madotolo a opaleshoni ya ana ndi ochepa m'dziko muno, ndipo amayamba athandiza ana amene moyo wawo uli pachiswe, choncho mukhoza kupatsidwa tsiku lakutali. Chimenechi ndicho chifukwa china chopitira msanga. Wolembetsa mwana ali ndi miyezi 6 ali ndi chaka chathunthu choti adikire osataya kanthu, pamene wolembetsa ali ndi miyezi 17 wayamba kale kudya ngongole. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nanga inu amene mukuwerenga mwana wanu ali ndi zaka 7 kapena 11? Pitani ndithu. Zina zidatayika kale, koma kafukufuku wa ku Sweden uja akusonyeza kuti kulitsitsa mwana asanathe msinkhu kumachepetsabe chiopsezo cha khansa, ndipo haniya ndi kupotoka zimapewedwa pa msinkhu uliwonse. Nanunso abambo amene mwakula nalo vutoli mwachinsinsi, kaonaneni ndi dotolo. Mwina akakulangizani kuti lobisalalo lichotsedwe ngati linzake lili bwino, ndipo zimenezo sizikuchotserani umuna wanu. Ngati m'nyumba mulibe mwana, kayezetseni limodzi ndi akazi anu m'malo mowasiya azinyozedwa okha.

Pempho kwa Unduna wa Zaumoyo

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 91 mwa 100 m'dziko muno amabadwira kuchipatala. Mwana yemweyo amabweranso kudzalandira katemera ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, kenaka wa chikuku pa miyezi 9 ndi miyezi 15, osawerengera maulendo a mwezi ndi mwezi okamukweza pa sikelo. Ndiye kuti asanakwane chaka ndi theka amakhala atadutsa m'manja mwa achipatala kosachepera kasanu ndi kamodzi. Zingatheke bwanji kuti mwana wotere adzadziwike vuto lake ali sitandade 5?

Pempho langa silofuna ndalama za maiko akunja. Azamba aone thumba la khanda lililonse lachimuna lisanatuluke, n'kulemba m'kabuku kake ka kuchipatala zimene apeza. Alangizi a zaumoyo aja amatiyendera m'midzimu aphunzitsidwe kaonedwe kake, ntchito yosatha n'mphindi imodzi yomwe. Ndipo pa katemera wa chikuku wa miyezi 9, thewera livulidwe ndithu. Tchende limene silidatsike pa tsiku limenelo silikubweranso, choncho kalata yotumiza mwanayo kwa dotolo ilembedwe pomwepo. Mawayilesi athu, amene adatiphunzitsa kutchula kondomu ndi mdulidwe popanda kugwa mphwayi, angathenso kuiphunzitsa nkhaniyi. Anamkungwi ndi alangizi a kumpingo amene amalangiza mayi wa mwana woyamba aonjezereko mfundo imeneyi pa mwambo wawo.

Koma tisadikire boma pa chinthu choti tingathe tokha. Amayi, lero pomusambitsa mwana wanu wamwamuna muwerenge: kamodzi, kawiri. Abambo ndi amalume, mufunse ngati zawerengedwa, ndipo yankho likakhala lokayikitsa mupereke ya thiransipoti osachita makani. Akuluakulu adanena kale kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Tsoka lake pa nkhani iyi n'lakuti manyazi ndi athu, koma wofera kuunako ndi mwana amene sanayambe n'kuyankhula komwe.